Kodi ndi zoona kuti nkhondo ndi imene inakulitsa mayuniyoni?

WakuMakata
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Pa maphunziro a atsogoleri a mayuniyoni, wophunzitsa anatiuza kuti ku America ndi ku Britain mabungwe a anthu ogwira ntchito anakula kwambiri chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ine sizikundilowa m'mutu. Nthawi ya nkhondo boma limaletsa sitalaka, malipiro limawapondereza, ndipo ukangodandaula amakutcha woukira dziko. Nanga yuniyoni ingakule bwanji manja ali omangidwa? Ngati inakuladi, anthuwo anathera kuti, poti lero timamva kuti ku America munthu mmodzi yekha mwa 10 alionse apantchito ndiye ali m'bungwe?

Kabaza_Original
Ndiye mukufuna tiyambitse nkhondo kuti yuniyoni yanu ipeze mamembala? Kkkkk

MphunzitsiWopuma
Achimwene a ku Makata, wophunzitsa wanuyo sananame. Mu 1940 ku America mamembala a mayuniyoni anali pafupifupi 9 miliyoni. Pofika 1945 anali atapitirira 14 miliyoni. Chimene chinachitika n'chakuti boma linkafuna ndege, akasinja, zombo ndi zipolopolo usana ndi usiku, pamene anyamata ambiri anali atavala yunifolomu. Munthu wodziwa kuwotcherera chitsulo anasanduka wosowa, bwana sakanathanso kumuopseza kuti panja pali anzako akudikira.

Japan itangophulitsa Pearl Harbor mu December 1941, atsogoleri a mayuniyoni analonjeza kuti sadzachititsa sitalaka mpaka nkhondo itatha. Koma sanalonjeze ulele. Mu January 1942 Pulezidenti Roosevelt anakhazikitsa National War Labor Board yoweruza mikangano ya pantchito, ndipo bodi imeneyi inapatsa mayuniyoni mphatso yaikulu. Inalamula kuti pamalo pamene pali mgwirizano wa yuniyoni ndi kampani, membala apatsidwe masiku 15 oti atuluke ngati akufuna. Masikuwo akadutsa, ayenera kukhalabe membala ndi kumasonkha mpaka mgwirizanowo utatha, apo ayi ntchito imuthere. M'malo ambiri chopereka cha umembala chinkadulidwa ku malipiro munthu asanalandire. Tsono ganizirani fakitale imene inali ndi anthu ochepa nkhondo isanayambe, kenaka ikulemba anthu zikwizikwi mwezi ndi mwezi. Ambiri ankangolowera m'kaundula wa yuniyoni tsiku lomwe ayamba ntchito.

WakuMakata
Ndiye kuti anali mamembala okakamizidwa, aphunzitsi?

MphunzitsiWopuma
Okakamizidwa anali mabwana kuposa antchito. Mkulu wa kampani ya masitolo ya Montgomery Ward, Sewell Avery, anakana kumvera bodi ija. Mu April 1944 asilikali awiri anamunyamula m'manja, iye atapinda mikono pachifuwa, suti ili m'thupi, n'kukamutula panja pa ofesi yake ku Chicago. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala m'dziko lonselo. Bwana aliyense anamva uthengawo.

Nachisale_Law
Bambo aphunzitsi, ndikukupatsani ulemu, koma apa ndikutsutsani. Mukuipatsa nkhondo ulemu umene si wake. Maziko anayalidwa nkhondo isanayambe. Lamulo la Wagner la 1935 ndi limene linapatsa antchito ufulu wosankha bungwe lowayimira ndi kukakamiza mabwana kukambirana nalo. Antchito a General Motors ku Flint anadzitsekera m'fakitale kumapeto kwa 1936 mpaka February 1937, kampani n'kugonja. Ngakhale Ford, amene anali wouma mutu kuposa onse, anasaina ndi yuniyoni ya opanga magalimoto mu 1941, America isanalowe m'nkhondo. Nkhondo inangopeza nyumba itaima kale.

Umboni wanga ndi nkhondo yoyamba. Nayonso inakweza mamembala, mpaka anafika pafupifupi 5 miliyoni mu 1920. Koma panalibe lamulo lokhalitsa. Boma litangochotsa dzanja lake, mabwana anabwezera. Sitalaka yaikulu ya m'mafakitale a zitsulo ya 1919 inagonja, ndipo pofika 1933 mamembala anali osakwana 3 miliyoni. Nkhondo ziwiri, zotsatira zosiyana. Chosiyanitsa ndi lamulo.

MphunzitsiWopuma
Mayi Nachisale, lamulo la Wagner sindikulinyoza. Koma musaiwale kuti mu 1937 momwemo makampani ang'onoang'ono a zitsulo anagonjetsa yuniyoni, apolisi n'kupha anthu 10 ku Chicago pa sitalaka ya ku Republic Steel, lamulolo lilipo. Makampani omwewo anadzavomera yuniyoni mu 1941 ndi 1942, ataona kuti makontilakiti a zida za boma awadutsa. Lamulo linali papepala, nkhondo ndi imene inalipatsa mano.

NamwinoWakuLeeds
Ndiwonjezere za kuno ku Britain, chifukwa zikugwirizana ndi onse awiri. Nkhondo yoyamba: mamembala anachoka pa 4 miliyoni mu 1914 kufika pa 8 miliyoni mu 1920, kenaka anatsika mpaka pafupifupi 4 miliyoni ndi theka pofika 1933. Zinali ngati nsomba za m'madzi osefukira, madzi ataphwa zinatsala pamatope. Nkhondo yachiwiri zinayenda mwina. Churchill anatenga Ernest Bevin, mtsogoleri wa yuniyoni yaikulu ya za mtengatenga, n'kumupatsa unduna wa za ntchito mu 1940. Tangoganizani, munthu amene anasiya sukulu ali mwana, anayendetsapo ngolo ya akavalo ku Bristol, ndiye ankalamula kuti uyu akagwire kumgodi, uyu kufakitale. Mamembala anachoka pa 6 miliyoni kufika pafupifupi 8 miliyoni, ndipo ulendo uno sanatsikenso. Chipani cha Labour chitapambana mu 1945 chinatenga migodi ya malasha ndi njanji kukhala za boma, n'kuyambitsa NHS, dongosolo la zipatala za boma, mu 1948. Malo onsewa anali odzaza ndi mayuniyoni. Chiwerengero chinakwerabe mpaka 13 miliyoni mu 1979. Thatcher atalowa, nkhani inasintha, lero ndi cha m'ma 6 miliyoni.

Kabaza_Original
Achemwali, inu muli m'yuniyoni kumeneko kapena mumangotumiza mapaundi?

NamwinoWakuLeeds
Ndili mo, mchimwene wanga, ndipo amandidula mwezi uliwonse. Mu December 2022 anamwino tinanyanyala ntchito. Ndinaima pageti ya chipatala m'bandakucha, chisanu chili phwii, zala zosamva kanthu, ndanyamula chikwangwani dzanja lina kapu ya tiyi dzanja lina. Mabasi ankaliza hutala podutsa. Amayi ena okalamba, oyenda ndi ndodo, anatibweretsera mabisiketi n'kunena kuti bambo awo anali a mumgodi wa malasha. Anthu kuno amakumbukirabe kumene zinthuzi zinachokera.

Mai_a_Tadala
Onse mukuwerenga mamiliyoni, koma palibe wafunsa kuti azimayi anathera kuti. Ndi iwo amene anadzaza mafakitale a zida. Ku Willow Run pafupi ndi Detroit, kumene Ford ankapanga ndege zoponya mabomba za B-24, azimayi anali ochuluka kwambiri. Ku Britain yuniyoni yaikulu ya amakanika, AEU, inkakana azimayi mpaka 1943, inawalola itaona kuti mayuniyoni ena akuwatenga onse. Chaka chomwecho azimayi a ku fakitale ya Rolls-Royce ku Hillington, pafupi ndi Glasgow, ananyanyala ntchito chifukwa cholipidwa zochepa pa ntchito yofanana ndi ya amuna. Nanga nkhondo itatha? Anauzidwa kuti zikomo, bwererani kukhitchini, eni ntchito abwera. Ku Britain panali ngakhale lamulo la 1942 lolonjeza kuti zinthu zidzabwerera mmene zinalili nkhondo isanayambe. Mayuniyoni ambiri anangoyang'ana kumbali, ena anathandiza kuwatulutsa. Ndiye mukamati umembala unakhalitsa, nenani kuti unakhalitsa kwa azibambo.

MphunzitsiWopuma
Apa mwalasa, amayi.

Nachisale_Law
Ndipo chodabwitsa n'chakuti lero ku Britain azimayi ndi amene ali ambiri m'mayuniyoni kuposa amuna. Koma si a m'mafakitale aja. Ndi aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma.

MwanaWaKitwe
Anzanga, mwapita kutali kwambiri. Nkhaniyi ili pakhomo pathu pompano ku Copperbelt, dera la migodi ya mkuwa ku Zambia. Chipolopolo chilichonse, waya aliyense wa m'ndege ndi m'sitima zankhondo zinkafuna mkuwa, ndipo Britain inkagula mkuwa wonse wa ku Nkana, Mufulira, Roan Antelope ndi Nchanga. Mu March 1940 azungu a m'migodi, amene anali kale ndi yuniyoni yawo kuyambira 1936, ananyanyala ntchito ndipo anapatsidwa zambiri mwa zimene ankafuna. Anthu akuda anaona, nati nafenso tiyese. Ku Mufulira ndi ku Nkana ntchito inaima. Pa 3 April asilikali anaombera gulu la anthu ku Nkana, anthu 17 anafa, ovulala anali ambirimbiri.

Tsono onani kusiyana kwake. Azungu anatuluka m'nkhondo ndi mgwirizano woti ntchito zawo sizingapatsidwe kwa munthu amene si membala wa bungwe lawo, kutanthauza kuti munthu wakuda asaziyandikire. Ife anatipatsa akuluakulu a mitundu kuti azitiyankhulira: Mbemba wake, Mlozi wake, Mnyanja wake. Yuniyoni yeniyeni inabwera pambuyo. Boma la Britain linatumiza William Comrie wa ku Scotland mu 1947 kudzaphunzitsa anthu kayendetsedwe ka mayuniyoni, ndipo mu 1949 panabadwa African Mineworkers' Union, Lawrence Katilungu ali pampando. Mu 1952 anaimitsa migodi milungu itatu mwabata, malipiro anakwera ndithu. Mu 1953 antchito anavota kuthetsa za akuluakulu a mitundu zija. Agogo anga anachokera ku Chipata kukagwira ntchito pansi pa mgodi, khadi lawo la yuniyoni linkakhala m'Baibulo, pakati pa Masalimo, pamodzi ndi chiphaso cha ubatizo.

WakuMakata
Izi ndiye sanatiphunzitse. Koma boma la atsamunda linayamba bwanji kufuna mayuniyoni, lomwelo lowombera anthu?

MwanaWaKitwe
Mantha, achimwene. Mu 1935 panali sitalaka, anthu anafa ku Luanshya. Mu 1940 zomwezo. Anazindikira kuti kuli bwino kukhala ndi atsogoleri odziwika oti uwaitane muofesi kusiyana ndi chikhamu chopanda mwini. Komanso lamulo la ku London la 1940 la ndalama za chitukuko cha maiko a atsamunda linkati dziko lofuna ndalamazo liyenera kukhala ndi malamulo olola mayuniyoni. Iwo ankafuna yuniyoni yofatsa yosakhudza ndale. Sizinawayendere. Njira yochokera kwa Katilungu imakafika mpaka kwa Chiluba, amene anachokera ku ZCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni ku Zambia, n'kugonjetsa Kaunda mu 1991.

Bullets_Mpaka_Kale
Nkana yomwe ija ya mpira? Kalampa! Koma Mufulira Wanderers ndiye inali timu, masiku amenewo.

MwanaWaKitwe
Yomweyo. Matimu amenewo anakulira m'manja mwa makampani a migodi, ankafuna anthu azitanganidwa Loweruka ndi Lamlungu. Koma musayerekeze Wanderers ndi Nkana pamaso panga.

Bullets_Mpaka_Kale
Onsewo akabwera pa Kamuzu Stadium amalira basi.

Admin_Gulu
Abale, za mpira zili ndi malo ake. Tibwerere ku funso la a WakuMakata.

Mtchona_wa_Joni
Ine ndikuti musaiyamikire nkhondo. Kuno ku South Africa mafakitale anakula kwambiri nthawi imeneyo, anthu akuda anakhamukira ku Johannesburg, ndipo bungwe la CNETU, mgwirizano wa mayuniyoni a anthu osakhala azungu, limene linayamba mu 1941 linkati pofika 1945 lili ndi mamembala 158,000. Koma boma la Smuts linakhazikitsa War Measure 145 mu 1942 yoletsa munthu wakuda aliyense kuchita sitalaka. Mu August 1946 antchito a m'migodi ya golide oposa 60,000 ananyanyala ntchito, J.B. Marks akuwatsogolera, akufuna mashilingi 10 patsiku. Apolisi anawabwezera kumigodi ndi zibonga ndi mfuti, pasanathe sabata zonse zinatha. Mu 1948 kunalowa boma la tsankho. Antchito akuda a m'migodi anadikira mpaka 1982 kuti akhalenso ndi yuniyoni yamphamvu, NUM ya Ramaphosa. Ndipo musaiwale kuti m'makomponi amenewo munali anthu akwathu a Wenela. Nkhondo yomweyo, mafakitale anakula chimodzimodzi, koma umembala unafufutidwa.

Nachisale_Law
Zikomo achimwene, mwanditsimikizira mfundo yanga. Kusowa kwa antchito kumapereka mphamvu ya kanthawi. Amene amasankha ngati mphamvuyo ikhale kapena ithe ndi amene akugwira boma nkhondo ikatha.

WakuBandawe
Mwatchula Joni osatchula Clements Kadalie? Mwana wa kwathu ku Chifira, wophunzira ku Livingstonia. Anayambitsa yuniyoni ya ICU ku Cape Town mu 1919, nthawi imene mitengo ya zinthu inali itakwera chifukwa cha nkhondo yoyamba, malipiro ali pomwepo. Anayamba ndi anthu otsitsa katundu padoko, pofika cha m'ma 1927 bungwelo linali ndi anthu pafupifupi 100,000. Linasweka pasanapite nthawi chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi nkhani za ndalama, boma nalo likupondereza. Atonga tinayamba kale zinthuzi.

Kabaza_Original
Atonga ndi kudzitama, ayi ndithu.

WakuBandawe
Zikakhala zoona sikudzitama, mphwanga.

WakuMakata
Nanga kwathu kuno ku Malawi?

MphunzitsiWopuma
Kwathu kunalibe mafakitale a zida. Chimene Nyasaland inapereka ku nkhondo ndi anthu: asilikali a KAR, gulu lankhondo la atsamunda, amene anakafika mpaka ku Burma, ndi machona amene anadzaza migodi ndi mapulazi a eni ake. Ndiye sitalaka zambiri zimene anthu athu anachita anazichitira kunja, monga ya panjanji ku Southern Rhodesia mu 1945 ndi yaikulu ija ya 1948 imene inayambira ku Bulawayo. Kuno bungwe loyamba lodziwika linali la madalaivala ku Blantyre mu 1949, la Lawrence Makata ndi Lali Lubani. Titalandira ufulu, Kamuzu anaika mayuniyoni pansi pa chipani, anangotsala dzina. Anadzadzukanso mu 1992, Chakufwa Chihana atamangidwa pabwalo la ndege mu April, ndi sitalaka ya ku David Whitehead mu May. Mbiri yathu ya mayuniyoni inaumbidwa ndi ndale, osati ndi mafakitale a nkhondo.

Koma mbali yachiwiri ya funso lanu sitinaiyankhe, yoti anthu a ku America aja anathera kuti. Nkhondo itangotha, antchito anamasula mkwiyo wonse umene anausunga. Malipiro anali atamangidwa kuyambira 1942 kuti asakwere kupitirira 15 peresenti, pamene mitengo inkathamanga. Mu 1945 ndi 1946 kunali sitalaka paliponse, ya ku General Motors yokha, yotsogoleredwa ndi Walter Reuther wa yuniyoni ya opanga magalimoto, inatenga masiku 113. Anthu wamba anatopa nazo, chipani cha Republican chinapambana mipando, ndipo mu 1947 chinadutsitsa lamulo la Taft-Hartley ngakhale Pulezidenti Truman analikana. Lamuloli linalola chigawo chilichonse kuletsa mgwirizano wokakamiza wantchito kusonkha ku yuniyoni. Zigawo za kummwera zinathamangira kutero. Mayuniyoni anayesa kulowa kummwerako kuyambira 1946, pa kampeni ya Operation Dixie, koma tsankho linawagonjetsa, mzungu wosauka sankafuna kukhala m'bungwe limodzi ndi munthu wakuda. Ndiye mapu anatsala chonchi: yuniyoni yamphamvu ku Michigan, Ohio, Pennsylvania ndi madera ena a mafakitale akale, yofooka kummwera. Kwa zaka zingapo wantchito mmodzi mwa atatu anali membala. Kenaka makampani anayamba kumanga mafakitale atsopano kummwera komweko, pambuyo pake kunja kwa dziko.

Accountant_wa_Area47
Ndilankhuleko ngati munthu wa mbali ya mabwana, musandigende. Mayuniyoni aja anadzipweteka okha. Chifukwa malipiro anali omangidwa, bodi ya nkhondo inalola makampani kukopa antchito ndi inshulansi ya chipatala. Nkhondo itatha mayuniyoni anapitiriza njira yomweyo, penshoni ndi chipatala zonse kuzipachika pa kampani, monga mgwirizano wa General Motors wa 1950. Zinali zokoma kampani ikupanga phindu. Magalimoto a ku Japan atafika, kampani ya ku Detroit inali itasenza anthu opuma ntchito ochuluka, pamene fakitale yatsopano ya kampani ya ku Japan ku Tennessee inalibe mtolo umenewo. General Motors inagwa mu 2009 mpaka boma kuipulumutsa.

Mai_a_Tadala
Ndiye cholakwa ndi cha munthu amene anagwira ntchito zaka 30 n'kupempha penshoni? Bwanji osanena za mabwana amene ankapanga magalimoto akumwa mafuta ngati chidakwa, anzawo akupanga ang'onoang'ono?

Accountant_wa_Area47
Sindinati penshoni ndi yoipa, amayi. Ndati anaiika pamalo olakwika. Ku Britain chipatala chinapita m'manja mwa boma, munthu ntchito ikatha amakalandirabe mankhwala. Ku America ntchito ikatha, chipatala chathanso.

NamwinoWakuLeeds
Pamenepo ndikugwirizana nanu, ngakhale zikundiwawa kugwirizana ndi akauntanti.

MwanaWaKitwe
Kwathunso n'chimodzimodzi. Yuniyoni ya m'migodi inali yamphamvu nthawi imene mgodi unali chilichonse: nyumba, chipatala, sukulu, ngakhale babu la magetsi likapsa unkakatenga kukampani. ZCCM, kampani ya boma ya migodi, itagulitsidwa, ntchito imene inamalizika mu 2000, ndipo wogulitsa anali Chiluba yemwe uja wa mayuniyoni, anthu ambiri anachotsedwa, ena analembedwanso kudzera kwa makontilakita. Munthu wa kontilakiti ya miyezi 6 mungamuuze za yuniyoni? Amaopa kuti dzina lake likaoneka pa mndandanda samuitananso. Panabadwanso mayuniyoni ena opikisana mumgodi umodzi womwewo, bwana amangosankha woti alankhule naye.

WakuMakata
Apa ndiye mwafika pa bala langa. Pamalo pamene ndimagwira ntchito, olembedwa mokhazikika tatsala ochepa, ena onse amabwera kudzera kwa ejenti, amalandira pa sabata, ndipo m'mawa uliwonse pageti pamakhala anyamata ena akudikira kuti mwina wina sabwera. Ndikawapatsa fomu ya umembala amaipinda n'kuika m'thumba, mawa lake amandizemba. Bwana safunika n'kuopseza komwe, amangoloza pageti.

Nachisale_Law
Achimwene, lamulo la Labour Relations Act la 1996 silinena kuti ufulu wolowa m'bungwe ndi wa olembedwa mokhazikika okha. Ndipo kumuchotsa munthu ntchito chifukwa cholowa yuniyoni ndi mlandu woti mukhoza kupita nawo ku Industrial Relations Court. Vuto ndi umboni, chifukwa ejenti sanena kuti takuchotsa, amangoti sabata ino kulibe ntchito. Muzilemba masiku amene munthu aliyense wagwira, ndani anasiya kuitanidwa ndipo liti. Mukakhala ndi kaundula wa miyezi ingapo, nkhani imayamba kuoneka yokha.

Mtchona_wa_Joni
Kuno COSATU, mgwirizano waukulu wa mayuniyoni, yalimbana ndi maejenti amenewa zaka zambiri. Khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti wolandira malipiro otsika akagwira pamalo amodzi kupitirira miyezi itatu, bwana wake ndi kampani imene akugwirako, osati ejenti. Koma mabwana ena amangokusinthani malo miyezi itatu isanakwane.

Kabaza_Original
Nanga ife a kabaza tikanyanyala, tinyanyalira ndani? Bwana wanga ndi mwini njinga, amafuna yake madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya ayi.

Mai_a_Tadala
Inu muli ndi bungwe kale, lija mumasonkha pa siteji wina akachita ngozi kapena akamwalira. Mwangotsala kuyamba kukambirana za ndalama ya madzulo imeneyo.

Kabaza_Original
Tcheyamani wa siteji yathu ali ndi njinga zinayi zake, amayi. Mukuti tikakambirane ndi iyeyo?